Womanga Akachedwetsa Nyumba Yatsopano: Zoyenera Kudziwa Ogula Nyumba m'Boma la Mchinji

Unduna woona za malo ndi nyumba ukudziwitsa anthu okhala m'boma la Mchinji, pamodzi ndi mbadwa za bomali zimene zili kunja kwa dziko lino koma zikugula kapena kumangitsa nyumba kwawo, za ufulu ndi udindo umene munthu amakhala nawo pamene walipira nyumba yatsopano koma womanga sakuimaliza pa nthawi imene anapangana. Zimene zalembedwa pano ndi zounikira chabe. Munthu amene nkhani yake yafika kale pa mkangano akulangizidwa kuonana ndi loya, atanyamula mapepala onse a mgwirizano wake.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Mchinji

Boma la Mchinji lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, pa msewu wa M12 umene umakathera pachipata cha Mwami polowa m'dziko la Zambia. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 600,000. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata inatsegulidwa mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiriwa anatsegulira chipata chatsopano chimene apaulendo ndi katundu amaonedwera pamalo amodzi. Zonsezi zachulukitsa anthu ofuna pokhala: ogwira ntchito za msonkho ndi zoona anthu olowa ndi kutuluka, othandiza amalonda kuombola katundu, aphunzitsi, achitetezo, azaumoyo, ndiponso alimi amene apeza bwino ndi mtedza, soya kapena fodya. Paboma, pa Kamwendo, kwa Mkanda, ku Kapiri ndi m'malo ena ochitira malonda, nyumba zabwino zimapeza mwini zisanathe kumangidwa. Pena munthu amalipira nyumba ili pa maziko, pena ikadali papepala.

Kugula kotereku si kolakwika ndipo malamulo sakuletsa. Mtengo umakhala wotsikirapo, ndipo wogula amatha kusankha matailosi, utoto kapena kakhalidwe ka zipinda. Vuto lake n'lakuti ndalama imatsogola, nyumba n'kumabwera pambuyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nyumba imene sinaperekedwe makiyi ili pachala.

Migwirizano iwiri imene anthu amaisokoneza

Munthu asanayambe kudandaula za kuchedwa, ayenera kudziwa mtundu wa mgwirizano umene analowamo, pakuti mphamvu zake zimadalira pamenepo.

Mtundu woyamba ndi umene munthu ali ndi puloti yakeyake, mapepala ali m'dzina lake, ndipo waitana kontirakitala kapena mmisiri kuti am'mangire. Apa chilichonse chomangidwa pamalopo ndi chake. Womanga akalephera, mwini malo angathe kuthetsa mgwirizano motsata ndondomeko, n'kupeza wina womaliza. Amataya nthawi ndi ndalama, koma khoma limene laima silichoka.

Mtundu wachiwiri ndi umene kampani kapena munthu wamalonda ali ndi malo, akumangapo nyumba zogulitsa, ndipo wogula akulipira pang'onopang'ono poyembekezera kuti nyumba ikadzatha umwini wa malowo udzasinthidwira kwa iye. Mtundu umenewu ndiwo uli ndi chiopsezo chachikulu, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: pa malamulo, chomangidwa panthaka chimatsata mwini nthakayo. Simenti, njerwa ndi malata zogulidwa ndi ndalama za wogula zikangolowa m'khoma, zimakhala mbali ya malo amene akadali m'dzina la wogulitsa. Ngati wogulitsayo anaika malowo chikole kubanki, banki ndiyo imakhala patsogolo pa mzere. Anthu ambiri amazindikira zimenezi mochedwa, pamene ntchito yaima kale.

N'chifukwa chake Unduna umalimbikitsa kuti munthu asanapereke tambala iliyonse, afufuze kaye ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya Mchinji ndiponso ku kaundula wa malo ku Lilongwe. Kafukufukuyu amaonetsa mwini weniweni wa malo, zaka zotsala pa lizi, ndiponso ngati malowo ali pa chikole. Malo ambiri ozungulira boma ndi a makolo, ndipo lamulo la Customary Land Act la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limaika zoletsa pa kagulitsidwe ka malo otere. Kalata ya nyakwawa ndi chidindo chake ndi yolemekezeka pamudzi, koma payokha siipatsa wamalonda mphamvu yodula mapuloti ndi kumangapo nyumba zogulitsa. Popeza Mchinji ndi boma la m'malire, kumene banja limodzi limapezeka mbali zonse ziwiri, n'kofunikanso kukumbukira kuti malamulo a malo okonzedwa mu 2022 amaika malire okhwima pa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi.

Zimene zimachedwetsa ntchito: zoona ndi zonamizira

Si kuchedwa konse kumene kuli chinyengo. Zifukwa zina n'zoona ndipo aliyense amaziona.

Choyamba ndi kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kapena cha pamenepo kufika pa K1,700. Zitsulo, malata, mawaya a magetsi, magalasi, matailosi ndi utoto, zambiri mwa izo zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zochokera kunja. Womanga amene analonjeza mtengo wosasintha mwezi wa Okutobala 2023 anadzuka mwezi wotsatira ndalama ya denga isakukwaniranso denga lonse. Simenti nayo imasowa nthawi zina. Dziko lino lili ndi makampani opanga simenti monga Shayona ku Kasungu, Cement Products ku Mangochi ndi Portland ku Blantyre, koma simenti ina imalowa kuchokera ku Zambia kudzera pachipata cha Mchinji pomwepa, ndipo kubwera kwake kumadalira ndalama zakunja. Mafuta a galimoto akasowa, malole onyamula mchenga ndi miyala amagona pamzere.

Chachiwiri ndi nyengo. Mvula ya kuyambira Novembala mpaka Epulo imadzaza maenje a maziko, imaononga misewu yafumbi yopita kumapuloti, ndipo njerwa zosaotcha siziuma. Nthawi yomweyonso amisiri ndi owathandiza ambiri amabwerera kuminda yawo, pakuti m'boma la alimi ngati Mchinji palibe amene angasiye kupalira kapena kuthira feteleza chifukwa cha pulasitala wa nyumba ya mwini. Komabe pano pafunika kunena mosabisa: mvula ya chaka ndi chaka si ngozi yadzidzidzi. Womanga wodziwa ntchito yake amaiwerengera polemba tsiku lomaliza. Amene walonjeza mu Okutobala kuti nyumba idzatha mu Febuluwale, kenaka n'kumaloza kumwamba, sanapereke chifukwa chomveka. Chimene chingam'khululukire ndi mvula yoposa muyeso, monga yokokolola mlatho, osati mvula imene mwana aliyense wa ku Mchinji amadziwa kuti idzagwa.

Chachitatu ndi zilolezo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti ntchito yomanga iyambe pokhapokha pulani itavomerezedwa ndi akuluakulu oona za mapulani. Nyumba yoyambidwa popanda chilolezo ingathe kuimitsidwa nthawi iliyonse, ndipo yomangidwa m'malo osungidwira msewu kapena njanji ingathe kugwetsedwa. Pa msewu waukulu monga M12, malo osungidwawo ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Kuchedwa kobwera chifukwa womanga anayamba ntchito mozemba khonsolo ndi mlandu wake, osati wa wogula. Palinso malamulo a mu 2018 amene amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi zomanga zamalonda, kotero womanga nyumba zambiri zogulitsa ayenera kukhala atakonzekera mabuloko a simenti kapena zipangizo zina zovomerezeka.

Kupatula izi, pali kuchedwa kumene gwero lake ndi kasamalidwe ka ndalama. Womanga amalandira dipoziti ya nyumba yachisanu n'kukamalizira yachiwiri. Ya nyumba yachisanu ndi chitatu n'kukafolera yachisanu. Malinga ngati ogula atsopano akubwera, zinthu zimaoneka ngati zikuyenda. Akangosiya kubwera, nyumba zonse zimaima tsiku limodzi. Khalidwe limeneli si la kuno kokha. Ku China, kampani yaikulu ya Evergrande italephera kubweza ngongole zake mu 2021 inasiya nyumba zambirimbiri zosatha, ndipo mu 2022 ogula ena m'dzikolo anayamba kukana kubweza ngongole za nyumba zimene sanazilandire. Dziko la India linakhazikitsa lamulo mu 2016 lokakamiza omanga kusunga 70 peresenti ya ndalama za ogula mu akaunti yapadera ya ntchito imene ndalamazo zaperekedwera. Wogula wa ku Mchinji angathe kudziikira yekha chitetezo chofanana nacho polemba mgwirizano. Zizindikiro za vutoli sizivuta kuona: womanga amapempha ndalama za gawo lotsatira gawo lolipiridwa kale lisanathe, amisiri amasinthasintha chifukwa salipidwa, zipangizo zimafika madzulo n'kusowa m'mawa.

Wogulanso amachedwetsa ntchito nthawi zina. Akachedwa kulipira gawo limene latha, kapena akasintha pulani khoma litafika pa mawindo, womanga amakhala ndi ufulu wopempha nthawi yoonjezera, ndipo wogula sangam'lipiritse chifukwa cha masiku amenewo.

Mgwirizano wolembedwa

Milandu yambiri ya mtundu umenewu imapambanidwa kapena kugonjedwa tsiku losainirana, osati tsiku la kukhoti. Malamulo amafuna kuti kugulitsana malo kukhale ndi umboni wolembedwa. Kugwirana chanza pamaso pa mboni, ngakhale mbonizo zikhale akuluakulu a mpingo, sikokwanira.

Chinthu choyamba kulembedwa ndi tsiku lenileni lomaliza: tsiku, mwezi ndi chaka. Mawu monga akuti "mvula ikatha", "fodya akagulitsidwa" kapena "posachedwapa" sathandiza aliyense. Pamene tsiku silinalembedwe, malamulo amangonena kuti ntchito ithe m'nthawi yoyenera, ndipo kutanthauzira nthawi yoyenerayo ndi mkangano wina umene ungadye miyezi. Mgwirizano unenenso tanthauzo la kutha: kodi nyumba yatha ikafoleredwa, kapena madzi a Central Region Water Board ndi magetsi a ESCOM akalumikizidwa? Ndani akalembetse ndi kulipira zimenezi? Nyumba zambiri zimakhala zopakidwa utoto koma zosakhalika chifukwa funsoli silinayankhidwe poyamba.

Chachiwiri ndi kalipiridwe. Ndalama izitsata ntchito, isatsogole. Mwachitsanzo chabe, tiyerekeze nyumba ya K60 miliyoni. Wogula angapereke K6 miliyoni posainirana, K12 miliyoni maziko ndi silabu zikatha, K15 miliyoni khoma likafika pofolera, K12 miliyoni denga likatha, ndi K12 miliyoni ina pulasitala, zitseko, mapaipi ndi mawaya zikatha. K3 miliyoni yotsalayo, imene ndi 5 peresenti, aisunge kwa miyezi isanu ndi umodzi atalowa m'nyumbamo, kuti womanga akonze zolakwika zimene zingaoneke. Magawowa angasinthe malinga ndi kukambirana, koma mfundo yake ndi yakuti pa tsiku lililonse, ntchito imene ili pansi ikhale yofanana kapena yoposa ndalama imene yatuluka m'thumba la wogula. Wotsimikizira kuti gawo latha akhale munthu wodziwa, wosadalira womanga: injiniya, katswiri wojambula mapulani, kapena katswiri wowerengera mtengo wa zomanga, wolembetsedwa ku bungwe la ntchito yake. Malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa khoma logumula. Pamene wogulitsa akuumirira dipoziti yaikulu, wogula angapemphe kuti ndalamayo isungidwe ndi loya kapena banki ndi kumatulutsidwa gawo ndi gawo.

Chachitatu ndi chipukutamisozi cha kuchedwa. Mgwirizano ungathe kunena kuti sabata kapena mwezi uliwonse wopitirira tsiku lomaliza, womanga adzachotseredwa ndalama yakutiyakuti. Ndalamayo iyenera kuyandikira zimene wogula angataye zenizeni. Ngati akulipira lendi ya K250,000 pamwezi, kuchedwa kwa miyezi isanu ndi itatu ndi K2 miliyoni, ndipo khoti silingavutike kumvetsa chiwerengero chotere. Koma ndalama yoikidwa mongoopseza, yosagwirizana n'komwe ndi zotayika, khoti lingathe kuikana.

Chachinayi ndi mtengo: kodi ndi wosasintha, kapena ungasinthe mitengo ya zipangizo ikakwera? Pa nyengo ino, womanga woona mtima kawirikawiri sangalonjeze mtengo wosasintha kwa chaka chathunthu, ndipo wogula amene wam'kakamiza kutero amadzalipira mwa njira ina, kaya simenti yochepa m'matope kaya nyumba yosiyidwa panjira. Chanzeru ndi kulemba ndondomeko yake: zipangizo ziti zimene mtengo wake ungasinthe, umboni wanji umene womanga aonetse, ndi malire amene kukwerako sikungapitirire popanda kukambirananso. Mtengo ulembedwe mu kwacha ya Malawi. Ngakhale m'malire muno ndalama za maiko awiri zimayendera limodzi, malamulo a ndalama zakunja salola kuika mitengo ya malonda a m'dziko muno mu ndalama zakunja popanda chilolezo.

Pomaliza, wogula aone chiphaso cha womanga. Bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, limene kale linkadziwika ndi dzina loti NCIC ndipo poyamba linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 1996, limalembetsa makontirakitala m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito imene angathe. Kontirakitala wa ku Chipata amene ali ndi chiphaso cha bungwe la National Council for Construction la ku Zambia ayenerabe kulembetsa kuno asanagwire ntchito m'dziko muno. Ngati wogulitsa ndi kampani, dzina lolembedwa pa mgwirizano, pa mapepala a malo ndi pa akaunti yolandirira ndalama likhale limodzi.

Tsiku likadutsa nyumba isanathe

Choyamba kuchita ndi kupita pamalopo, kujambula zithunzi zokhala ndi tsiku, ndi kulemba zimene zatha ndi zimene zatsala. Kenaka wogula alembere womanga kalata yofatsa koma yomveka, yotchula tsiku limene anapangana, yofunsa chifukwa cha kuchedwa, ndi yopempha ndondomeko yatsopano ya ntchito yokhala ndi masiku. Asunge kope losainidwa ndi wolandira. Mauthenga a pa WhatsApp, a pafoni, ndi umboni wa ndalama zotumizidwa pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, zonsezi asazifafanize, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga otere kukhala umboni. Zokambirana pakamwa zitsatiridwe ndi uthenga wobwereza zimene zagwirizanidwa.

Kukhala chete n'koopsa. Mwa chikhalidwe chathu, munthu amachita manyazi kulembera kalata mnzake amene amapemphera naye kapena amene anam'dziwa kudzera kwa mlamu wake. Koma wogula amene waona tsiku likudutsa, osanena kanthu, n'kumapitiriza kulipira kwa miyezi, angadzauzidwe kuti mwa zochita zake anavomereza kuti tsikulo lilibenso ntchito. Ngati akufuna kupereka nthawi yoonjezera, aipereke polemba, atchule tsiku latsopano, ndipo anene kuti sakutaya ufulu wake wa chipukutamisozi.

Kuchedwa kukapitirira, sitepe yotsatira ndi kalata ya chenjezo lomaliza, imene ndi bwino kuti ilembedwe ndi loya. Kalatayi imapatsa womanga nthawi yokwanira kumaliza zotsalazo, ndi kunena momveka kuti tsikulo likadutsa mgwirizano udzathetsedwa. Nthawiyo ikhale yotheka. Kupereka masiku asanu ndi awiri pa nyumba yopanda denga ndi kudzikonzera kugonja. Popanda chenjezo lotere, wogula amene wangolengeza kuti mgwirizano watha angapezeke kuti ndi iye amene waphwanya pangano.

Pali zinthu zina zimene mkwiyo umalimbikitsa koma malamulo salola. Wogula asalande zida za womanga, asathyole loko n'kulowa m'nyumba imene sinaperekedwe kwa iye, ndipo asabweretse mmisiri wina pamwamba pa ntchito ya woyamba mgwirizano usanathetsedwe. Asasiyenso kulipira gawo limene lathadi ndipo latsimikizidwa. Chimene ali ndi ufulu wokana ndi kulipira ntchito imene sinachitike. Kunyoza womanga pa Facebook kumapepuza mtima kwa tsiku limodzi, koma kungabale mlandu wina woipitsa mbiri. Pamene mgwirizano wathetsedwa mwa dongosolo pa malo a wogula, katswiri ayeze ndi kulemba mtengo wa ntchito yonse imene yachitika, mbali zonse ziwiri zitaitanidwa, mmisiri watsopano asanagwire chipande. Popanda muyeso umenewu, pambuyo pake palibe angasiyanitse ntchito ya woyamba ndi ya wachiwiri.

Kubwezeredwa ndalama kapena kudikira nyumba

Funso ili limafuna mutu wozizira. Ambiri akatopa amangoti abwezeredwe ndalama zawo. Koma munthu amene analipira K20 miliyoni kwacha isanagwe mu Novembala 2023, n'kubwezeredwa K20 miliyoni yomweyo patatha chaka, walandira ndalama imene singagulenso matumba a simenti ndi malata amene ikanagula poyamba. Pa nthawi imene mitengo ikukwera msanga, kubwezeredwa kopanda chiwongoladzanja ndi kuluza, ndipo pali ogulitsa ena amene amakondwera nako, popeza nyumbayo amakaigulitsa kwa wina pa mtengo watsopano. Kawirikawiri, ngati malo ali ndi mapepala abwino ndipo khoma ndi lolimba, wogula amapindula kwambiri pokambirana kuti umwini wa malo usinthidwire kwa iye nyumba ili momwemo, mtengo wa zotsala uchotsedwe, iye amalize yekha. Khoti lilinso ndi mphamvu yolamula wogulitsa malo kukwaniritsa pangano m'malo mongobweza ndalama. Pamene malo ali olembedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, loya angathandize wogula kuika chenjezo m'kaundula, loletsa kuti malowo asagulitsidwe kapena kuikidwa chikole iye asakudziwa. Kubwezeredwa ndalama kumakhala njira yabwino pamene mapepala a malo ndi okayikitsa, kapena pamene nyumbayo yamangidwa posayenera.

Wogula amene anatenga ngongole kubanki adziwitse bankiyo msanga. Ngongole siima chifukwa womanga waima, ndipo kulipira lendi ndi ngongole nthawi imodzi ndiko kumagwetsa mabanja ambiri. Banki ikadziwa msanga, pamakhala mpata wokambirana za kabwezedwe ndi woimitsa ndalama zimene zinali zisanapite kwa womanga.

Kampani ikagwa n'kulowa m'manja mwa woyendetsa chuma chake potsatira lamulo la Insolvency Act la 2016, wogula amene alibe chikole amakhala m'gulu la okongoza wamba, amene amagawana zotsala ena atalandira kale. Alembetse dandaulo lake kwa woyendetsayo mwamsanga, ndi malisiti onse. Ku South Africa nyumba zatsopano zimalembetsedwa ku bungwe la NHBRC, limene limapereka chitetezo cha zaka zisanu pa zolakwika zikuluzikulu za kamangidwe, ndipo ku Britain bungwe la NHBC limapereka cha zaka khumi. Amene anakhalako kumaiko amenewo asaganize kuti chitetezo chotere chimabwera chokha pa nyumba yogulidwa ku Mchinji. Kuno chimene chimateteza wogula kwambiri ndi zimene zalembedwa mu mgwirizano wake.

Kokadandaula

Nkhani ya pulani, chilolezo chomangira ndi malire a puloti ipite ku khonsolo ya boma la Mchinji. Ya khalidwe la kontirakitala wolembetsedwa ipite ku bungwe loyang'anira zomangamanga, limene lingathe kumulanga ngakhale kumuchotsa m'kaundula. Ya malonda achinyengo, monga kulengeza zabodza kapena kulandira ndalama popanda kupereka chimene chinalonjezedwa, ipite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene lamulo latsopano la mu 2024 linaliwonjezera mphamvu zopereka chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe. Ngati mgwirizano ukunena kuti mkangano uyambe wapita kwa mkhalapakati, njira imeneyo itsatidwe kaye. Ngakhale ku Bwalo Lalikulu, malamulo a kayendetsedwe ka milandu a mu 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera pa kukambirana pamaso pa woweruza isanazengedwe. Osowa ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Mlandu wophwanya mgwirizano uyenera kukasumidwa zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera pamene pangano linaphwanyidwa, ndipo malonjezo a pakamwa akuti "tikonza" asachititse munthu kuiwala kuwerenga zakazo.

Apolisi si otolera ngongole, ndipo kuchedwa kokha si mlandu wa upandu. Nkhani imafika kupolisi pamene pali umboni wakuti ndalama inatengedwa mwachinyengo kuyambira pachiyambi, monga kugulitsa nyumba imodzi kwa anthu awiri, kugulitsa malo a mwini, kapena kuonetsa mapepala opeka. Ogula angapo amene avutika ndi womanga mmodzi amamveka msanga akayendera limodzi, ndipo amagawana mtengo wa loya ndi wa katswiri woyeza ntchito.

Kwa amene ali kunja

Mbadwa za Mchinji zimene zili ku Johannesburg, Cape Town, Lusaka kapena kutsidya la nyanja zimakumana ndi vutoli mowirikiza, chifukwa zimaona nyumba yawo pa zithunzi zokha, ndipo chithunzi sichinena kuti khomalo ndi la yani. Mbale woyang'anira ntchito apatsidwe mphamvu yolembedwa yofotokoza zimene angachite ndi zimene sangachite, ndipo ndi bwino kuti wosunga ndalama ndi wotsimikizira ntchito akhale anthu awiri osiyana. Ndalama ipite mwachindunji ku akaunti yotchulidwa mu mgwirizano, ndipo mapepala a malo akhale m'dzina la mwini ndalama. Izi sizitanthauza kukayikira abale. Zimawateteza nawonso ku zonenedwa pamene ntchito yachedwa pa zifukwa zimene si zawo.

Tsiku lolandira makiyi

Munthu amene wadikira chaka chathunthu amafuna kungolowa, ndipo womanga amene wachedwa amafuna kungopereka. Apa ndi pamene zolakwika zambiri zimadutsa, chifukwa ntchito yothamangira kumapeto imabisika pansi pa utoto. Wogula ayendere nyumbayo masana, pamodzi ndi katswiri wake: atsegule mipopi yonse, ayese masoketi, atseke ndi kutsegula zitseko ndi mawindo, akwere kuona matabwa a denga, ayang'ane ming'alu ndi chinyontho m'munsi mwa makoma, aonenso dzenje la zonyansa lisanakwiriridwe. Zolakwika zonse zilembedwe papepala limodzi losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, lokhala ndi tsiku lomalizira kukonza. Ngati nyumba yaperekedwa m'chilimwe, nthawi yosungira ndalama yotsala ija ifike mpaka mvula yoyamba itagwa, pakuti denga silidziwika kudontha mwezi wa Ogasiti.

Asanasaine pepala lolandirira, wogula aliwerenge bwino, chifukwa mapepala ena amakhala ndi mawu akuti wolandira alibenso dandaulo lililonse. Ngati akufunabe chipukutamisozi cha kuchedwa, alembe zimenezo pa pepala lomwelo asanasaine. Pamodzi ndi makiyi alandire pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, chiphaso cha khonsolo chololeza kukhalamo, malisiti a madzi ndi magetsi, ndi mapepala osinthira umwini wa malo, amene amafuna chilolezo cha Unduna pa malo a lizi ndiponso chiphaso cha msonkho cha bungwe la MRA. Mafunso okhudza mapepala amenewa angaperekedwe ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Mchinji kapena ku ofesi ya Unduna ya chigawo chapakati ku Lilongwe, pa masiku ndi maola a ntchito.